Mayi Osunga Kadzidzi

Mayi oyandikana nafe kuno ku Lifuwu salabadira mayina a zamoyo. Amangofunsa kuti, "Chimadya chiyani?" Mpheta, dzombe ndi makoswe amaziika m'gulu la akuba mpunga, pamene kakowa ndi njoka amati ndi alonda anzawo. Enafe akatitenga kokavina za chipani, iwo ndiwo amatsala kutiingitsira mbalame m'minda, ndipo palibe amakumbuka kuwathokoza.

Kadzidzi atakhazikika mumtengo wa mango pakhomo pawo, anthu anayamba kunong'ona za ufiti, mpaka a Ramadhani, bambo wina wa m'mudzi muno, anafika ndi nkhwangwa.

"Amayi, mbalame iyi ikuitana maliro. Kapena njanu?"

Funso lotere limasamutsa munthu pamudzi. Koma mayiwo anatola zimene kadzidziyo amalavula pansi pa mtengo, naziphwanya ndi chala. Munali ubweya ndi timitu ta makoswe.

"Wallahi, njanga," analumbira motero. "Iyo imalonda nkhokwe, ine munda. Dulani, bambo, koma makoswewo muzidya ndinu."

Mtengowo ulipobe. Tsopano pokolola ndimawapatulira mayiwo lichero lodzaza mpunga. Mnzawo wa mumtengo uja amadzipezera yekha.