Apongozi Anga ndi Nsomba ya ku Thamesmead

Chaka chimene mwana wathu woyamba anabadwa, apongozi anga aamuna anabwera kuno ku London kudzaona mdzukulu wawo. Anali mphunzitsi wopuma pa ntchito, munthu wosatha kukhala pansi. Nyumba yathu ku Woolwich inali yaing'ono, moti pasanapite nthawi anali atakonza kale chitseko chimene chinalibe vuto lililonse. Mkazi wanga anandiuza kuti ndiwapezere chochita.

Mnzanga wina wa ku Chipata, woyendetsa basi, anandibwereka ndodo ziwiri zowedzera. Anandichenjeza kuti kuno munthu saponya mbedza m'dziwe wopanda laisensi, ndipo eni dziwe amafunanso tikiti yawo. Ndinagula zonsezo pa foni. Zina sanandiuze.

Loweruka m'mawa tinakwera basi ya ku Thamesmead, kumene kuli dziwe lowedzamo nsomba. Apongozi anavala jekete ndi tayi. M'basimo ndinawafotokozera za laisensi.

"Ndiye kuti boma likudziwa kuti tikukawedza?" anafunsa.

"Likudziwa, bambo."

Anagwedeza mutu, nakonza tayi.

Nyambo yathu inali chimanga cha m'chitini. Apongozi anachiyang'ana, nalawako pang'ono. Pafupi nafe panali mzungu wachikulire atakhala pakhomo pa katenti kobiriwira. Tinapatsana moni wa mutu.

Chakumasana ndodo ya apongozi inapindika. Analimbana nayo nsombayo, tayi ili paphewa, mpaka inaonekera: chinsomba ngati ntchafu ya munthu wamkulu. Mzungu uja anathamanga ndi ukonde wake, naitulutsa. Anaigoneka pa kamatilesi kofewa, naithira madzi, nachotsa mbedza mosamala, kenako naipaka mankhwala pamlomo. Anati nsombayo amaidziwa chifukwa cha chipsera cha kumchira, ndipo naye anaigwirapo. Anawajambula apongozi atainyamula ngati khanda.

Apa n'kuti iwo atatulutsa kale jumbo m'thumba la jekete.

Mzunguyo anafotokoza mwaulemu kuti padziwelo nsomba iliyonse imabwezedwa m'madzi, ndilo lamulo. Apongozi anaphunzitsa Chingerezi moyo wawo wonse, komabe anatembenukira kwa ine kuti ndiwamasulire. Ndinamasulira.

"Akamwini, laisensi ija ndi ya chiyani?"

"Yogwira, bambo."

"Nanga yodya imagulidwa kuti?"

"Pano palibe."

"Ndiye tangobwera kudzaipatsa moni?"

Apongozi anayang'ana nsombayo. Inali ikutsegula ndi kutseka kukamwa. Kenako anagwada m'matope ndi thalauza lawo lakutchalitchi, naitsitsira m'madzi ndi manja awo. Inaima pang'ono pakati pa zikhatho zawo, n'kupita. Anapinda jumbo ija bwinobwino, naibwezera m'thumba.

Pobwerera tinadzera pamsika wa ku Woolwich, tinagula nsomba zamufiriji. Kunyumba mkazi wanga anafunsa ngati tinagwira kanthu.

"Tinagwira," anatero apongozi, nalowa kubafa kukachapa thalauza.

Ine ndinaganiza kuti zatha. Koma Loweruka lotsatira anadzuka m'mamawa, natenga ndodo, napita okha. Anatero mpaka nthawi yawo yobwerera kumudzi inakwana. Ankakhala ndi mzungu uja tsiku lonse, kumamwa tiyi wa m'fulasiki, osalankhulana zambiri. Nsomba zing'onozing'ono ankazigwira n'kumazibweza, koma yaikulu ija sanakumane nayonso.

Chithunzi chija anachikulitsa, chili pabalaza kwawo ku Zomba. Apongozi anga aakazi amati alendo akafunsa kuti nsomba yotereyo inadyedwa ndi anthu angati, amuna awo amayankha kuti palibe, kenako amafunsa za mvula.