Foni Yanga Imagona kwa Apongozi

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chimene madzi a m'nyanja ya Chiuta anathawa mpaka bwato la malume anga linagona pamatope. Kwathu ndi kufupi ndi Nayuchi, koma nthawi imeneyo ndinali nditakwatira kale kwa Kalembo, ndikukhala pamudzi pa akazi anga Asiyatu monga mkamwini aliyense. Ndinkapikula matemba kwa malumewo n'kumagulitsa m'misika. Nsomba zitasowa ndinatsala ndi khasu ndi ganyu, ndipo kunena zoona pa khasu ine si munthu woti mungamulozere mwana kuti atengereko chitsanzo. Sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma ndili ndi nthenda yowerenga chilichonse chimene chili ndi zilembo: nyuzi zokulungira matemba, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, zolemba za pathumba la feteleza. Ndinadzilimbitsa mtima kuti munthu wowerenga chonchi sangafe ndi njala kumene kuli mapepala ambiri.

Ndinawauza Asiyatu kuti ndikakhala zaka ziwiri. Ankasenda chinangwa, ndipo sanasiye.

"Ziwiri zake zowerengera ndani?" anafunsa.

Ndinakhala zisanu ndi ziwiri.

Ntchito ndinaipeza kwa azungu awiri okalamba, yosamalira maluwa ndi kutsuka dziwe losambira limene palibe amene ankasambamo. Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Mabwanawo ankataya timabuku ta malangizo a zipangizo zawo, ine ndinkatola n'kumawerenga, mpaka anazolowera kundiitana chinthu chikavuta. M'khitchini munali sipika yaing'ono ngati chibuluma cha mkate, yolankhula. Ukaifunsa inkayankha, ukaiuza kuti iike wayilesi ya dziko lililonse inkaika. Wayifayi ya pamenepo inkafika paliponse, ngakhale kumpanda kumene ndinkawotchera zinyalala, ndipo sindinadzifunsepo chifukwa chake. Lamulungu mabwana akachoka ndinkaima pakhomo la khitchini n'kuifunsa sipikayo ngati ku Balaka kugwe mvula. Inkandiuza. Milungu ina mawu amene ndinalankhula ndi amenewo basi.

Zaka zoyamba ndinkatumiza ndalama mwezi uliwonse, ndipo Asiyatu ankatumiza mawu ojambula, aatali, ana akukuwa kumbuyo. Kenako kunabwera mliri uja, mabwana anandidula masiku, ndipo ndinayamba kudumpha miyezi. Manyazi ali ndi khalidwe loipa: ukalephera kutumiza ndalama umalepheranso kutumiza moni. Ndinkamvera mauthenga awo osayankha. Mauthengawo anafupika, anakhala a mawu atatu, kenako anatha. Umene unandibweza unachokera kwa malume awo a Asiyatu, ankhoswe athu. Anati abale akhala pansi, ndipo ngati sindioneka chimanga chisanalowe m'nkhokwe, iwo aona chochita ndi banja. Mwayi wake mabwana ankasamukanso kutsatira ana awo kunja. Anandipatsa majekete awiri ndi sipika ija.

Ndinafika pamudzi anthu akukolola. Mwana wanga Mariamu, amene ndinamusiya akuyamwa chala, anandipatsa moni wa mlendo, atagwada bwinobwino. Asiyatu anandilandira monga amalandirira munthu wodzagula mbuzi: mwaulemu, osalonjeza kanthu. Ankhoswe anandiuza mosabisa kuti mawu otsiriza ali ndi mayi awo a Asiyatu.

Apa ndiyenera kufotokoza. Ine ndi apongozi anga aakaziwo timaopana monga mwa mwambo. Chikwatirire changa tinali tisanayang'anane m'maso kapena kulankhulana pakamwa. Tikakumana panjira mmodzi amapatukira m'tchire. Nkhani zathu zimadutsa mwa Asiyatu. M'nyumba mwawo sindinapondemo, ndipo za kuchipinda sizoganiza n'komwe. Mkamwini akafika kuchokera kutali, apongozi amatumiza moni kudzera mwa mwana wawo. Ine ndinadikira masiku atatu, moni sunabwere.

Ndinamva kuti maso awo achita khungu, ndipo wayilesi yawo, imene inkawachotsa kusungulumwa, inafa. Ndinaona ngati Mulungu wandikonzera njira. Ndinapukuta sipika ija, ndinaikulunga m'nsalu, ndipo Asiyatu anakaipereka. Anabwerako ndi mawu akuti yalandiridwa, ndipo yaikidwa kuchipinda, chifukwa ndi kumene kuli batire la sola, lomangiriridwa kumwendo kwa bedi ndi tcheni. Nyumba yathu ilibe magetsi.

"Akuti ilankhule," anatero Asiyatu.

Pakati pa nyumba yathu ndi ya apongozi pali chitsa cha msangu. Pamenepo ndi pamene ulemu umandilola kufika. Ndinakhala pachitsapo n'kutsegula hotisipoti, kuti foni yanga izitulutsa wayifayi kuchokera pa bandulo. Ndinatsegula pulogalamu yolumikizira sipika. Inazungulira, inazungulira, n'kulemba kuti sikupeza chipangizo chilichonse. Ndinatuma Asiyatu kukaona chimene sipikayo ikuchita.

"Ikuti chani?"

"Yalankhula Chizungu kamodzi. Amayi aiyankha kuti ali bwino."

"Nanga kanyali kapamwamba?"

"Kakuthwanima."

"Mtundu wanji?"

"Bambo a Mariamu, ine ndili ndi nandolo pa dzuwa."

Ndinazindikira kuti sipikayo ikufunafunabe wayifayi ya ku Joni. Ndinawerengapo zimenezo: chipangizo chikasamuka uyenera kuchiiwalitsa nyumba yakale. Ndinawauza Asiyatu kuti akadine batani la pansi osachotsa chala mpaka atawerenga makumi awiri. Anakadina. Nyali inasintha mtundu, umboni woti yaiwala. Ndinayesanso. Foni inazungulira n'kunena zomwe zija. Ndinaithimitsa n'kuiyatsanso. Ndinathimitsa bulutufu, ndinayatsa. Ndinachotsa pulogalamu n'kuikanso, bandulo n'kuthera pomwepo. Ndinaimirira pachitsa nditakweza foni m'mwamba, ndipo azimayi opita kumjigo anachepetsa liwiro kuti aonere bwino.

Masiku anayi anapita chonchi. Njira yapafupi inali kupempha kuti sipika itulutsidwe, koma mphatso ikalowa m'nyumba ya apongozi, mkamwini woitanitsa amaoneka ngati walanda. Komanso panja panalibe poilumikiza. Tsiku lachitatu ankhoswe anadutsa pa njinga, naima.

"Ndiye ntchito imene munkagwira ku Joni imeneyi, akamwini?"

Ndinati eya, pang'ono.

"Chimanga chatsala ngolo ziwiri," anatero, napalasa njinga.

Mmawa wa tsiku lachisanu ndinakwera minibasi kupita ku Balaka. Pafupi ndi depoti pali mayi wina wokonza mafoni m'kakontena, wovala magalasi omangidwa ndi waya. Ndinamufotokozera zonse m'mawu a m'timabuku, kuti adziwe kuti sakulankhula ndi munthu wamba. Anamvetsera akuwotcherera foni ya wina.

"Choyamba, achimwene, foni imodzi singakhale mkwati ndi nkhoswe nthawi imodzi. Yanu izitulutsa wayifayi, ina ikhale yolembetsera sipika. Chachiwiri, bweretsani kuno." Analowa mu hotisipoti n'kusintha kanambala kena kuchoka pa 5 kupita pa 2.4. Anati masipika akale amamva njira yachiwiriyo, ndipo ndiyo imapyola bwino khoma. Ndinagwedeza mutu ngati ndinkadziwa. Kenako anafunsa, "Mukamayesa mumaima pati?"

"Pachitsa."

"Chitsa chili m'nyumba?"

Ndinati chili panja, mapazi ngati makumi anayi, ndipo pakati pali khitchini ya njerwa ndi khola. Anaika chowotcherera pansi.

"Muyandikire. Foni ikhale pafupi ndi sipika ngati mukuipatsa moni wa pamanja."

"Ili kuchipinda kwa apongozi."

Anavula magalasi, anaseka mpaka mnzake wogulitsa mayunitsi anasuzumira. Atapuma anati, "Pepani bambo. Apo ndiye si za foni. Sindikulipiritsani."

Pobwerera ndinakumbukira timabokosi toyera timene tinali m'makoma a ku Joni, kamodzi mpaka m'galaja. Ndinkatipukuta fumbi Lachisanu lililonse. Ndi timene tinkafikitsa wayifayi kumpanda. Zaka zonsezo ndinkayesa kuti wayifayi ili ngati fungo la nsomba yowamba, lofika lokha kwa anansi.

Asiyatu ali ndi foni yawoyawo, imene sindinagule ine. Ndinawapempha kuti andibwereke, ndinaikamo pulogalamu, ndipo ndinawapatsa mafoni onse awiri kuti alowe nawo. Anatuluka posakhalitsa. Sipika yapezeka, anatero, koma foni yayamba kufunsa mafunso a Chizungu, limodzi pambuyo pa linzake. Asiyatu amawerenga Chichewa ndi manambala, ndipo amadziwa Chipwitikizi cha pamsika, koma Chizungu anachisiyira ine. Ndinawauza podina. Analowa, anatulukanso ndi funso lina, ndipo pofika pachitsa kulumikizana kunali kutaduka. Tinayambiranso katatu. Kukuwa malangizo kulunjika kunyumba ya apongozi sindikanatha. Kachinayi anakhalitsa m'katimo.

Kenako ndinaona chitseko chikutseguka. Apongozi anatuluka atagwira phewa la Asiyatu, mkeka uli m'khwapa. Ndinayang'ana pansi. Anazungulira kuseri kwa nkhokwe n'kukhala atafulatira. Asiyatu anabwera.

"Akuti m'nyumbamo mulibe munthu. Akuti nyumba yopanda munthu ilibe mwini."

Ndinavula nsapato pakhomo, sindikudziwa chifukwa chake. Chipinda chinali chaching'ono kuposa mmene ndinkachiganizira zaka zonsezi. Sipika inali pampando, itafundikidwa kansalu koluka. Pansi panali mikeka iwiri yopindidwa ndi timabulangeti tiwiri. Pa msomali panali yunifolomu ya Mariamu, ndipo pakhoma, m'munsi, wina analemba zilembo ndi makala, A mpaka M, zina zoyang'ana kumbuyo. Ndinafunsa ngati ana amagona muno.

"Ndikapita ku Nayuchi," anatero Asiyatu.

"Ku Nayuchi mumakatani?"

"Kukapikula mpunga ndi nsalu. Kawiri pamwezi. Malume anu ndi amene amandisungira katundu." Analoza batire ndi chibwano. "Mumayesa ili linagwa ndi mvula?"

Ndinagwada pafupi ndi mpando, foni ina kudzanja ili, ina kudzanja ilo. Ndinasankha dzina la hotisipoti yanga, ndinalemba mawu achinsinsi, ndinalakwitsa chilembo chimodzi, ndinalembanso. Nyali inasiya kuthwanima. Ntchito ya masiku asanu inatha madzi a tiyi asanawire. Ndinaiuza kuti iike wayilesi ya kwathu kuno, ndipo m'chipindamo munamveka munthu akuwerenga mauthenga a maliro. Kuseri kwa nkhokwe kunamveka kutsokomola.

Ndinatuluka, ndinavala nsapato, ndinaika foni m'thumba n'kuyamba kubwerera kwathu monga munthu amene wamaliza ntchito. Ndisanafike pachitsa wayilesi inaduka pakati pa dzina la womwalira. Ndinabwerera mapazi khumi, inayambanso. Ndinayenda, inaduka. Mariamu anaseka koyamba chifikire changa.

Nkhani inali yoonekeratu. Sipika imalankhula pokhapokha foni yopereka wayifayi ili pafupi. Ya Asiyatu imapita ku Nayuchi kawiri pamwezi. Yotsala ndi yanga. Ndinayamba kuwafotokozera Asiyatu kuti akafotokoze, koma mawu anachokera kuseri kwa nkhokwe, osadutsa mwa aliyense.

"Bambo a Mariamu."

Ndinagwada pomwe ndinali, pafumbi. "Wawa."

"Chinthuchi chikadzasiyanso kulankhula, wokonza wake akhala ali kuti?"

Ndinati akhala ali pompano.

"Iyayi, ndimangofunsa," anatero. "Foniyo isiyeni pawindo."

Chimanga chinalowa m'nkhokwe, ndipo ankhoswe sanaitanitse bwalo. Moni wa apongozi unafika mawa lake la tsiku limene sipika inalankhula, mochedwa ndi masiku pafupifupi khumi, pamodzi ndi dandaulo loti sipikayo simva akaiuza kuti ichepetse mawu. Imamva Chizungu chokha, choncho mmawa uliwonse ndimaima panja pa windo n'kuilamula, iwo ali m'kati atafulatira. Ikavuta amatuluka ndi mkeka kupita kuseri kwa nkhokwe, ine n'kuvula nsapato. Tikuopanabe monga kale.

Zaka zisanu ndi ziwiri pamudzi pano ankandidziwira pafoni, ndipo foniyo itakhala chete anapeza njira zawo, zimene zikuyenda bwino popanda ine. Tsopano ndimalima dimba la apongozi, mochedwa monga mwa nthawi zonse, ndipo Asiyatu akapita ku Nayuchi ana amagona kwathu. Zilembo za pakhoma zija ndazipitiriza ndi mng'ono wake wa Mariamu, tafika pa T. Anzanga a ku Joni akandiimbira amadandaula kuti sindiyankha. Ndimawauza zoona, kuti foni yanga imagona kwa apongozi, ndipo kuti ndikaitenge ndiyenera kudikira mauthenga a maliro athe.