Tsiku Limene Ndinalephera Samu pa Malire

Ndikukumbukira fumbi la njira ya ku Nkhulambe ndi kulemera kwa lichero la makaka limene ndinasenza popita ku maliro kutsidya kwa malire. Masiku amenewo Apwitikizi ankagwira anthu kuti akalime thonje mokakamizidwa, ntchito ya chibalo, ndipo wothawa akagwidwa ankamenyedwa m'manja mpaka zikhato kutupa. Ine sindinkadziwa zimenezi. Ndinkangodabwa kuti amayi anga ndi anzawo a kutchalitchi anali ndi abale angati kutsidyako, oti n'kumamwalira mwezi ndi mwezi.

Pobwerera, dzuwa lili paliwombo, tinapeza msilikali wa Apwitikizi atakhala pansi pa mtengo wa mango. Ochokera ku maliro sankafunsidwa zambiri. Ankangodutsa atafunda zitenje kumutu, akuimba motsitsa mawu. Koma ine ndinali nditangopambana kumene mayeso a samu, ndipo ndinkawerenga chilichonse chimene maso anga aona. Ndinalengeza mokweza kuti popita tinali anthu asanu ndi anayi, koma tsopano tinalipo khumi.

Nyimbo inaduka. Mayi wina wachilendo, amene ankayenda pakati pa gulu, analowetsa manja ake m'chitenje. Msilikali anaimirira n'kufunsa amayi ngati mwanayo akunena zoona.

Nkhope ya amayi sinasinthe. "Bwana, mwana ameneyu ndi mbuli, aphunzitsi ake anatopa naye kalekale. Tawerenganso iwe, abwanawa aseke."

Chala chawo chinali paphewa panga, chikukanikiza fupa. Ndinayamba: wani, thu, faivi, seveni, thwelofu. Msilikali anaseka, nanena kuti sukulu za Angerezi zimangowononga ana, ndipo anatiuza kuti tizipita.

Ndinalira njira yonse, osati chifukwa cha mantha, koma chifukwa cha mbiri yanga ya samu. Mayi uja anakhala kwathu monga azakhali anga mpaka zikhato zake zitapola. Kenako anaperekezedwa ku Michesi, kwa banja lina limene amayi sanalitchule dzina kufikira imfa yawo.

Ndatha zaka zambiri ku yunivesite ndikuphunzitsa za kalembera wa anthu, ndipo ndatopa. Lero malole amanyamula achinyamata pa msika masanasana, kulowera kutsidya komwe kuja, atawalonjeza ntchito m'minda ya eni. Ena sabwerera. Amayi anandikakamiza kusokoneza chiwerengero kuti munthu mmodzi apulumuke. Lero palibe chosokoneza, pakuti okwera malolewo palibe amene amawawerenga.