Malemu Ankatsokomola Kuchipinda

Chaka chimene ndinabwerera kusukulu ndili ndi zaka makumi anayi, ndinkachita lendi ku Luwinga kwa mayi wina wamasiye wachitumbuka. M'mawa ndinkagwira ntchito m'tauni, masana ndili m'kalasi, ndipo pofika pakhomo miyendo inkakhala italemera.

Aphunzitsi anatifunsa kuti nkhani zakale za azungu za mizukwa ndi nyumba zamabwinja zikugwirizana bwanji ndi ndakatulo zawo za chikondi. Sabata yonse ndinkangolemba n'kufufuta.

Loweruka lina kuli mvumbi, mayi aja anandipeza pakhonde nditagwira mutu.

"Mwatandala uli, asisi?" anandilonjera m'Chitumbuka. "Mabukuwa akukuzunzani chomene."

Ndinawafotokozera funsolo mwaulesi. Iwo anakhala pampando n'kuyamba kusenda mbatata.

"Bambo a kuno anatisiya kalekale," anatero, "koma ndimawamvabe akutsokomola kuchipinda. Thupi lonse limachita tsemwe. Komatu tsiku limene sindinawamve, chakudya sichilowa."

Ndinalowa m'nyumba n'kulemba masamba atatu, kunena kuti nthawi zina munthu amaopa chomwecho chimene mtima wake ukuchisowa. Aphunzitsi anandipatsa malikisi apakatikati. Sindinadandaule. Ndinali nditatopa, ndipo funso lina linali likundidikira kale patebulo.