Miyezi Iwiri Chiphaso Chisanabwere

Kwathu anthu akabwera kudzazonda matenda safunsa wodwalayo. Amakhala pansi, kupereka moni, kenako wina wa pakhomopo amafotokoza matendawo kuchokera pomwe anayambira, osadumpha kanthu. Kunyumba kwathu ku Balga, kuno kudziko la eni, ntchito imeneyo inali yanga. Bambo anamwalira tisanabwere kuno, ndiye mwamuna wa m'nyumbamo ndinali ineyo, ngakhale sukulu ndinaisiyira panjira nditathyola mphuno ya mnzanga wa m'kalasi amene ankandiyeserera kalankhulidwe.

Azimayi a kutchalitchi ankabwera Loweruka masana, ine n'kuyamba. Amayi anga anavulala msana akunyamula gogo wina kunyumba yosamalira okalamba komwe ankagwira ntchito. Nthawi imeneyo tinali pa viza ya ntchito, tikudikira chiphaso chotilola kukhala kuno mpaka kalekale. Kwa abwana sananene, kuopa kuti awachotsa ntchito ndipo tonse tibwezedwa kumudzi. Anapempha tchuthi, ati kwagwa maliro, n'kugona chagada pa kapeti miyezi iwiri mpaka chiphasocho chinafika. Kuntchito sanabwererenso. Ndikafika pamenepa azimayiwo ankapukusa mitu, "Mayo ine, pepani!" Nkhaniyi ndinaibwereza kambirimbiri mpaka ndinailoweza ngati Pemphero la Ambuye.

Zaka zitatu tinadya za matrole a m'sitolo amene ndimakankha ku Morley. Amayi anawapanga opareshoni kawiri kuchipatala chachikulu cha ku Nedlands, osathandiza. Pomaliza dokotala analemba kalata yonena mosabisa kuti munthuyu sangagwirenso ntchito. Tinati basi, boma liwapatsa ndalama za olumala, apume. Chimene ndinkafuna ine chinali chokhacho, kuti asadzawerame pa ntchito ya munthu wina aliyense.

Tsiku lopita ku ofesi ya boma amayi anavala duku la pa Pasaka. Tinapeza mayi wina wa mandala, wolankhula motsitsa. Kalata ya dokotala anangoisuzumira n'kuiika pambali. Mafunso ake anali ena. Munafika liti? Pa viza yanji? Chiphaso chokhalitsa munalandira liti? Muli pabanja? Munatulukapo m'dziko muno?

"Nanga za msanazo afunsa mawa?" ndinatero m'Chichewa.

"Iwe, khala phee," anatero amayi. "Sitinabwere ku mpira kuno."

Kenako mayi uja anafunsa kuti amayi analephera liti kugwira ntchito. Amayi anayankha kuti chaka chomwe tinalandira chiphaso. Iye anakweza maso. "Chisanabwere kapena chitabwera?"

Kuntchito ndinali nditamva kokwanira kuti ife obwerafe timangodikira mapepala, tikalandira n'kuyamba kudwala kuti tidye za boma. Ndinaganiza kuti akutanthauza zomwezo. Ndiye ndinachita zomwe ndimachita Loweruka lililonse, kungoti m'Chingerezi. Ndinayambira pa gogo uja, tsiku lake, shifiti yake, tchuthi cha maliro abodza, kapeti, miyezi iwiri yathunthu chiphaso chisanabwere. Amayi ananditsina pantchafu, ine osamva. Ndinamaliza ndi kumenya tebulo, kuti alembe bwinobwino kuti mayi anga anavulala kale mapepala awowo asanawaone n'komwe.

Mayi wa mandala anasiya kaye kutayipa. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osati mokwiya. Kenako anapitiriza kulemba.

Kalata inabwera patapita milungu ingapo. Za msana sanatsutse ngakhale pang'ono. Anati lamulo ndi lakuti munthu amene analephera kugwira ntchito asanakhale wokhazikika m'dziko muno ayenera kukwanitsa zaka khumi ali wokhazikika asanalandire thandizoli. Zaka zonse za pa viza ya ntchito, zomwe amayi ankasambitsa ndi kunyamula makolo a eni dzikowa, siziwerengedwa. Tinali titakwanitsa zitatu.

Ndinabwererako ndekha. Ndinakalipa, ndinaponda mpando, alonda awiri ananditulutsa atandigwira m'khwapa ngati mbuzi ya pa msika. Kenako ndinapita kwa akulu a mpingo ena amene amadziwa za mapepala, kuti mwina tikadandaule. Anawerenga kalatayo kawiri.

"Masiku alembedwa apawa anawapeza kuti?"

"Ndinawauza ndine."

"Ndi oona?"

"Ndi oona."

Anavula mandala n'kupukuta m'maso. "Achimwene, ofesi si chipinda cha odwala. Kumeneko umayankha chomwe wafunsidwa basi." Sindikudziwa ngati zikanasintha ndikanakhala chete. Mwina akanazipeza okha m'mapepala a kuntchito. Akuluwo anandiuza choncho pofuna kunditonthoza, koma sizinalowe.

Amayi sanandikalipire. Akanandikalipira bwenzi zili bwinoko. Anangoti, "Sunaname ayi. Kungoti pakamwa pakopo anaiwala kuikapo buleki." Anaseka pang'ono, msana n'kuwagwira, kuseka n'kuthera pomwepo.

Panopa amapinda nsalu za m'mahotela pa kampani ina yochapa zovala, masiku atatu pa mlungu, atamanga lamba wa dokotala m'kati mwa yunifolomu. Ndimawaperekeza mpaka pokwerera basi ku Morley. Dalaivala amaitsitsa basiyo pansi pang'ono kuti akwere mosavuta, iwo n'kumuthokoza kawiri ngati wawapatsa mphatso. Akafika kunyumba sakhala pa mpando. Amapita molunjika pa kapeti paja, nsapato ndimawavula ndine. Papita chaka china, zatsala zaka zisanu ndi chimodzi.

Loweruka lapitali azimayi a kutchalitchi anabweranso, pamodzi ndi mlendo wina wongofika kumene kuchokera ku Lilongwe. Atapereka moni onse anatembenukira kwa ine monga mwa masiku onse. Ndinanyamuka n'kukaima pakhonde. Kenako ndinamva amayi akuyamba okha, ndi mawu otsika. Anayambira pa tsiku lomwe chiphaso chinabwera.