Khomo la Khitchini la Agogo aNambewe

Fungo la utsi wa zitsononkho likandipeza, ngakhale pakati pa msika, mtima umathawira ku Madzimoyo, m'kakhitchini kozungulira ka agogo aNambewe, ka denga lakuda bii ndi mwaye, momwe nkhuku zinkaikira mazira kuseri kwa mtondo ndipo ife ana tinkatulukamo maso ali psuu. Munali mdima ngakhale masana, koma agogo ankayendamo osakhumudwa. Mtsuko wa madzi unali kumanja kwa khomo, mchere m'chikho chopachika kutsindwi, mthiko wosomeka m'udzu, mafuwa pakati. Akatambasula dzanja, chinthu chinali pomwepo.

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinazindikira chifukwa chake. Tsiku lina ndinasuntha chikho chija mwangozi, ndipo ndinawaona akupapasa tsindwi lonse, chikho chili pamphuno pawo penipeni. Anandigwira mkono mwamphamvu.

"Iwe Tisa, pakamwa pako ndimapadziwa. Amalume ako akamva kuti maso anga anatha, adzandinyamula ngati thumba kupita nane kutauni. Ine ndifere pakhomo panga, wamva?"

Ndinalumbira, ndipo chinsinsicho ndinachisungadi.

Amalume aFilipo anali mwana wawo wamwamuna yekhayo. Ufulu utangobwera anapeza ntchito ya ukalaliki mu ofesi ku Fort Jameson, dzina la Chipata lisanakhazikike, ndipo ankabwera panjinga yatsopano atavala tayi ngakhale dzuwa la mu Okutobala. Sanali munthu woipa, ayi ndithu. Ankawakonda amayi awo, kungoti khitchini lija linkawachititsa manyazi.

"Amama, dziko lasintha. Utsi uwu udzakupwetekani maso. Ndikumangirani lamakono."

Agogo anangoti, "Langali likundikwana, mwanangu." Akanatinso chiyani osadziulula?

Amalume anajambula pulani pansi ndi kamtengo, ine nditanyonyomala pambali pawo, kukamwa kuli yasa. Sitovu yachitsulo pakona, chumuni, windo, mashelefu kukhoma, pansi pa simenti. Kenako anandifunsa kuti, "Nanga khomo, Tisa? Likhale kwakale kuja, kapena liloze kumsewu?"

Mayo ine! Ndinkadziwa zonse. Koma ndinkafuna kuti anzanga odutsa popita kutchalitchi azisuzumira, aone kuti kwathu kuli sitovu ngati kwa abambo ansembe. Ndinati, "Kumsewu, amalume!"

Anagumula lakale Loweruka limodzi. Agogo anakhala pamphasa pansi pa mango, nkhope atalozetsa komwe kunkachokera phokoso. Milungu inayi yomanga ankaphikira panja, ine n'kumawaikira zinthu pafupi mwakabisira, ndipo palibe anaona cholakwika.

Tsiku lotsegulira kunadzaza anthu: amayi a kutchalitchi, aneba, ndi azakhali a kutauni, akazi a amalume. Anawalowetsa agogo ndi nthungululu, n'kuwauza kuti atenge nyemba pa sitovu akagawire alendo. Ndinawaona akuima pakati pa simenti yosalala ija, mapazi akufufuza tizigwa tomwe anazolowera, osatipeza. Mphika anaupeza chifukwa cha kubwata kwake, anaunyamula bwinobwino ndi nsanza, natembenuka mwachizolowezi cha zaka makumi anayi, ulendo wa kukhomo lakale. Anagunda khoma ndi chipumi, phwa! Mphika unasweka, nyemba zotentha zinawakhuthukira pamapazi, ndipo iwo anaima pomwepo akupapasa njerwa ndi manja onse awiri, khomo lili pululu kumbuyo kwawo.

Nthungululu zinazima. Amalume anayandikira, nagwedeza dzanja patsogolo pa nkhope yawo. Agogo sanaphethire.

"Amama, chiyambire liti?" anafunsa amalume, misozi ili mbwe.

"Chiyambire kale, Filipo. Unditulutse, anthu akundiona."

Mapazi atapola, anawakweza lole ya thonje kupita nawo kutauni. Anakakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya amalume ku Kapata, akudyetsedwa bwino, akusambitsidwa, osaloledwa kukhudza ngakhale mpeni. Munthu amene ankaphikira maliro a mudzi wonse anasanduka wodikira mbale. Anafota pang'onopang'ono.

Ndinakawaona kamodzi kokha asanamwalire. Anandipapasa nkhope, nandifunsa motsitsa mawu kuti, "Kodi m'khitchini muja akuphikamo ndani?"

Munalibe wophikamo. Sitovu inkadya nkhuni zambiri, amayi anga anabwerera ku mafuwa panja, ndipo mkatimo tinkasungiramo matumba a mtedza. Ndinati, "Ndine, agogo. Tsiku lililonse."

"Wachita bwino," anatero. "Moto usamazime pakhomo."

Sanadziwe kuti za khomo zija ndinanena ndine, ndipo amalume anapita kumanda akudziimba okha mlandu. Lero ndine nkhalamba, ndaulula machimo ambiri kwa ansembe, koma ili limandikanika kutuluka pakamwa. Amalume anandifunsa funso limodzi lokha, yankho ndinali nalo, ndipo ndinasankha kuti anzanga andisirire.