Matepi a Bambo M'munda wa Mpunga

Bambo atamwalira, achibale anagawana katundu pabwalo monga mwa mwambo. Makina awo ojambulira mawu, aja a magudumu awiri ozunguza tepi, anapita kwa bambo aang'ono ku Songani pamodzi ndi matepi onse. Ine anandipatsa kabuku ka malangizo ake. Akuti zamapepala n'za amene anapita kukoleji.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Chikanda ndi khanda, mwamuna wanga ali kuntchito ku Blantyre. Nkhungu ikatsika m'phiri, mwana n'kugona, ndinkatsegula kabukuko. Masamba achikasu, onunkha chinyezi. Ndinaloweza zonse: podutsitsa tepi, popukuta ndi thonje, batani lofiira losakhudza mwachisawawa. Koma makinawo ndinalibe.

Ndinene zoona, chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti mawu a bambo anayamba kundithawa. Nkhope ndinkaiona bwinobwino. Koma kaitanidwe kawo, kaseke kawo, nyimbo zimene ankajambula Lamlungu masana ine ndikuwasokoneza, zonsezo zinkazilala. Ndikaiwala ine, mwanayu adzawamvera kuti agogo ake?

Tsiku lina ndinabereka mwana, kabuku m'chikwama, n'kukwera minibasi ya ku Songani.

Makinawo ndinawapeza pabalaza atafunditsidwa kansalu koluka, pamwamba pake pali wailesi.

"Bambo, nanga matepi aja?" ndinafunsa bambo aang'ono.

"Matepi? Mwana wanga, amenewo akugwira ntchito kuposa anyamata a pakhomo pano. Tiye ukaone."

Ananditengera kumunda wa mpunga. Anali atazika timitengo, n'kumangirira tepi kuchokera uku mpaka uko. Munda wonse unkanyezimira, mphepo ikaomba tepiyo n'kumalira ngati njuchi.

"Mpheta sizifika n'komwe. Achimwene akundilondera mpunga," anatero akuseka. "Makinawo anasiya kuyaka kalekale, ndiye ndikanatani nawo?"

"Yatsalako imodzi?"

"Yomaliza ndinamanga pomwe mpunga unayamba kucha."

Ndinagwira tepiyo. Inali yofota ndi dzuwa, utoto wake n'kutsalira m'zala. Sindinathe kuwakalipira, njala ndinkaidziwa, ndipo iwonso anataya m'bale wawo. Mwana kumsana anayamba kuvutavuta.

"Bambo, tandiitanani momwe ankandiitanira achimwene anu."

Anandiyang'ana, kuseka kuja n'kutha. Anatsokomola pang'ono, n'kuitana dzina langa la paubwana, kulikoka kumapeto. Sizinafanane kwenikweni. Ndinamasula nsalu, n'kumutembenuza mwana kuti awayang'ane.

"Tabwerezani," ndinatero.